Chipinda Chimene Mwamangira Amalume Anu

Khalani pansi pomwepo, ana inu, kachewereyu tisankhire limodzi. Manja azigwira ntchito, makutu akhale kwa ine. Iwe Yamikani, foniyo ika m'thumba, siithawa. Nawenso Tadala, mkazi wanga wamng'ono, usandiyang'ane ndi diso la pamsika ngati ndabwera kudzanenerera mtengo. Nkhani yanga ndi ya chipinda chija mwamangira amalume anu a Lameki kuseri kwa khitchini. Dzulo ndinakachiona. Njerwa munaumba bwino, uvuni unapsa bwino, malata akhomedwa mowongoka. Ndikukuyamikani, ndipo sindikunena mwachipongwe. Koma sindinatulukemo wokondwa, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake amalume anuwo asanafike kuchokera ku chipatala cha ku Zomba.

Mukudziwa kuti ine si wa kuno. Ndinabadwira kumunsi, cha ku Sharpevale, kumene munthu amagona osafunda. Kuno ku Biriwiri ndinakwera kudzakwatira agogo anu aakazi, malemu Naphiri, ndipo chaka choyamba ndinkagona nditavala jekete. Apongozi ankaseka kuti mwana wawo watola mkamwini wa malungo osatha. Kachewere amene mukumuponya ngati miyalayu ine ndinamudziwira kuno, ndili ndi ndevu kale. Kwathu tinkadziwa mapira, nandolo ndi chambiko cha mkaka wa ng'ombe za bambo.

Nyumba imene ndinabadwiramo inali yozungulira, ya mitengo yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu. Chitseko chinali cha bango, chopanda mahinjesi. Unkangochikokera pakhomo n'kupingasa mpiringidzo mkati. Mkati, ndikutero. Tikamapita kumunda tinkangochitsamiritsa n'kuikapo mwala kuti nkhuku zisalowe. Zimene tinkazitsekera mkati ife tili kunja zinali ng'ombe ndi mbuzi m'khola. Loko ndinayamba kumuona pa sitolo ya mmwenye, ndipo ndinkaganiza kuti ndi belu. Inu lero mumakhoma ngakhale chimbudzi, kiyi n'kumayenda naye m'khosi ngati mphete ya ukwati.

Nditasinkhuka ndinasamukira m'gowelo limene tinamanga ndi achimwene anga a Wilisoni. Simunawaone, anamwalira amayi anu asanabadwe. Anali munthu wamtali, woseka ndi m'mimba momwe, ndipo pa gule wa ngoma akaponda pansi ndi chishango m'manja, akazi ankaiwala kuwomba m'manja n'kumangoyang'ana. Ndiwo anandiphunzitsa kuluka phaso ndi kusenda luzi. Ndiwonso anayamba kupita ku Joni m'banja mwathu, kukagwira ntchito m'migodi.

Kumeneko mwala unagwa n'kutseka njira imene ankagwiramo. Anakhala pansi pa nthaka, mumdima, ndi mnzawo wina amene anafera pambali pawo, mpaka anzawo anawafukula. Thupi silinathyoke paliponse. Anabwera kumudzi ndi njinga, sutikesi ndi bulangete la amayi, ndipo tinavina kuti munthu wathu wabwera wamoyo. Koma tulo analibe. M'nyumba ankakana kulowa, ankagona pakhonde. Nthawi zina ankangodzidzimuka masana n'kuyamba kufuula kuti mwala ukusweka, aliyense atuluke. Tsiku lina anaona ngati denga likugwera amayi, anawakoka mwamphamvu kuwatulutsa, amayi n'kugwera pamtondo, mkono n'kuthyoka.

Akuluakulu anakhala pansi. Sing'anga anati alodzedwa chifukwa cha njinga ija. Ena anati anaphonya chizimba ku Joniko. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti munthuyu akudwala monga mmene munthu amadwalira chifuwa, chifukwa mawu amenewo tinalibe. Tinali ndi liwu limodzi lokha, misala. Ndiye anasema chipika cholemera, anabowola pakati, analowetsamo mwendo wawo n'kukhomera chikhomo. Anawaika m'kanyumba kopanda zenera, pakhomo n'kutsamiritsa mtengo cha kunja. Mumve bwino apa, ana inu: anthu amene anachita zimenezi sankawada a Wilisoni. Bambo ankasema chipikacho misozi ikugwera pa kasemasema. Ankaopa kuti mwana wawo avulaza munthu, kapena adzivulaza yekha.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatira kale kuno. Uthenga utandipeza ndinatsika phiri wapansi, chifukwa minibasi zanu zodzaza ngati nkhokwezi kunalibe. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndinaima pakhomo pa kanyumba kaja n'kuodira.

"Ndani ameneyo?" anafunsa ali mkati.

"Ndine Jemusi, achimwene."

"Jemusi, kunjako kwacha?"

"Kwacha kalekale, achimwene. Ano ndi masana."

Iwo anati, "Nanga bwanji sakutikweza? Ntchito tamaliza kale ife. Kawauze akapitawo kuti kuno kwatsala anthu."

Iwo ankaona ngati akadali pansi pa mgodi, akudikira chikepe chowakwezera kumtunda. Ndinapita kwa amalume athu kukapempha kuti tibowoleko khoma, kuwala kuzilowa. Anandifunsa kuti, "Akakulitsa bowolo n'kutuluka, ukamugwira ndiwe, iwe wokhala kuphiri?" Tinakangana mpaka madzulo, koma mawu anali awo. Kopita nawo kunalibe. Ku Zomba tinkangomva kuti amapita nawe ndi apolisi, ndipo subwerako.

Chaka chimenecho sichinathe, achimwene anamwalira. Mwa mwambo wathu nyumba ya womwalira timagwetsa, ndiye titachoka kumanda tinakagwetsa kanyumba kaja. Titasasula denga tinaona kuti khoma la kum'mawa lakandidwa ndi zala, dothi lapyapyala, kutsala pang'ono kubowoka. Sanakande pansi ayi, anakanda m'mwamba, pamene dzanja lawo linkafika atakhala ndi chipika chija. Munthu wofuna kuthawa amakumba pansi. Iwo ankangofuna poonera kunja. Zimenezi zimandipwetekabe mpaka lero.

Tadala, kachewere wowolayo usaike m'thumba la wabwino poganiza kuti maso anga afooka. Ndikuona.

Nanenso ku Joni ndinapita, musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Mvula inakana, ana anali atayamba kubwera, ndiye ndinakalembetsa pa boma. Anatipima pa sikelo ngati fodya, kutiyang'ana mano, kutikweza ndege koyamba m'moyo wanga, kenako sitima. Ku komboni tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana, m'chipinda chimodzi anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, chitofu cha malasha chili pakati. Za pansi pa mgodi sindikonda kukamba. Ndingokuuzani kuti nyali ya pachipewa ikazima, mdima wake si uwu mumaudandaula magetsi akathima pa boma. Ndi mdima umene umakukhudza kumaso. Tsiku loyamba limene nyali yanga inazima, ndinamvetsa chimene achimwene ankafunsira ngati kwacha.

Nditabwerako ndinamanga nyumba iyi mwakhala pakhonde pakeyi. Inali yoyamba ya njerwa zowotcha m'mudzi muno. Ndinaika mazenera agalasi chipinda chilichonse, ena awiriawiri. Agogo anu Naphiri anati, "Abambo, kodi mukumanga nyumba kapena tchalitchi? Mphepo ya kuno mwaiwala?" Ndinawayankha kuti adzafunda mabulangete. Anadandaula za mazenerawo mpaka tsiku lawo lomaliza, koma makatani ankasoka okha, ndipo alendo akabwera ankayamba ndi kuwaonetsa mazenera omwewo.

M'nyumba imeneyi ndi mmene munakulira amayi anu, Nangozo, kenako ena aja ali ku Lilongwe, ndipo chitsirizira anali Lameki. Lameki anali mwana wa dimba. Anzake akamathamangira mpira, iye ali ndi keni kuthirira kabichi. Matenda anamuyamba ali mnyamata wa ndevu zongomera. Anasiya kugona, anayamba kuyankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona, ankati wailesi ikunena za iye. Njira imeneyi ndinali nditaiona kale kumene imathera. Anthu anabwera ndi nzeru zawo. Wina anati sing'anga wa kutsidya kwa malire, wina anati chamba, wina anati tim'mange. Naphiri anangomanga chitenje n'kunena kuti, "Mwana wanga apita kuchipatala." Tinamukweza minibasi mpaka pa boma, ine mbali iyi, mayi ake mbali iyo.

Kumeneko anamubaya jakisoni, anagona tulo timene anali atatisowa kwa nthawi yaitali. Atadzuka anapempha phala. Namwino wina wa matenda a maganizo, mayi wachikulire wosathamanga poyankhula, anatikhazika pa benchi. Anati, "Madala, mwana wanuyu akudwala, ndipo matendawa ali ndi mankhwala. Mwina azimwa moyo wake wonse, monga amachitira a shuga. Inu ntchito yanu ndi kuyang'anira tulo take. Mukaona kuti wayamba kusagona, musadikire kuti afike pofuula, bwerani naye." Ndinafunsa ngati tizimutsekera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mumutsekere walakwa chiyani? Apite kudimba kwake."

Ndipo anapitadi kudimba. Zaka zonsezi inu mwakula mukudya kabichi wake. Mwezi uliwonse galimoto yochokera pa boma inkabwera pa chipatala chathu chaching'onochi, iye n'kukakhala pamzere, n'kulandira mapiritsi ake. Mzere umenewo si wophweka kuukhala, chifukwa odutsa amacheuka kuti aone kuti wakhalapo ndani, ndipo ena amafunda chitenje kumutu kuti asadziwike. Lameki ankapita atanyamula mutu wa kabichi wopatsa namwino. Mankhwalawo ankamulemetsa thupi, m'mawa ankachedwa kudzuka, manja nthawi zina ankanjenjemera, koma anali munthu pakati pa anthu. Anamanga kanyumba kake ka zidina kumunsi kuja. Iwe Yamikani, njinga imene ukudyera pa boma lero, anakugwirira chishalo ndani pamene unkaphunzira? Iwe Tadala, amayi ako atadwala, anakubereka kumsana kupita nawe kusikelo ndani, amayi a m'mudzi muno akumuseka?

Chimene chinachitika dzinja lapitali munachiona nokha, koma ndichinena kuti tisasokoneze mutu ndi mchira. Amalume anu sanayambe ndi kudwala. Inayamba ndi nyumba. Mvula ija inagwa osalekeza, zidina zinamwa madzi, khoma linakhala pansi. Achithandizo anabwera ndi mapepala apulasitiki, tinamukhomera kachisakasa. Munthu angagone bwanji mvula ikuwomba ng'oma pa pulasitiki pamwamba pa mutu wake, pansi pali chinyezi? Ndinamuitana kuti adzagone kuno, anakana, anati mwamuna wamkulu sabwerera m'nyumba ya bambo ake. Nthawi yomweyo mlatho wa kumsewu wathu wafumbi unakokoloka, galimoto ya mankhwala sinathe kudutsa, mapiritsi anamuthera. Nyumba palibe, tulo palibe, mankhwala palibe. Ngakhale ine wabwinobwino ndikanayamba kuyankhula ndekha.

Kenako linafika tsiku lija anakayenda pakati pa msewu wa tala, manja ali m'mwamba, kuimitsa malole opita kumalire. Unamukoka ndiwe, Yamikani, lole itakuphonyani pang'ono nonse awiri. Ndiye mantha ako ndikuwadziwa, sindikuwapeputsa. Amayi anunso anandiuza kuti, "Bambo, ine ndatopa. Ndimagona khutu limodzi lili panja." Ndi zoona, atopa. Kusamala wodwala matenda amenewa kumamaliza munthu, ndipo amene sanasamalepo asamayankhule zambiri.

Tsono namwino wa ku Zomba, kumene anawatumiza, atakuimbira foni, Yamikani, kuti amalume ali bwino, akutuluka, munagwirizana zowamangira pogona. Munachita bwino, boma silikanawamangira. Munakatenga a Gama, mmisiri wa kutsidya kwa dambo. A Gama ndi munthu wabwino, khoma lawo siligwa. Koma moyo wawo wonse akhala akumangira anthu a kuno mosungira kachewere. Dzulo ndinawapeza akutsuka zipangizo zawo.

"A Gama, zenera lili kuti?"

"Madala, anawa anati akufuna cholimba, chosatulukika. Ndiye ndangomanga monga ndimamangira masitolo a kachewere. Timabowo ta mpweya tilipo m'mwambamo."

"Nanga pokolekera loko mwaika kunja bwanji?"

Anakanda kumutu. "Paja nthawi zonse timaika kunja, madala. Mkati akatseke ndani?"

Sanalakwe, anayankha monga mwa ntchito yawo. Kachewere amafuna mdima kuti asasanduke wobiriwira, ndipo satseka yekha chitseko. Ndinawapempha kuti ndilowe, iwo atseke. Anaseka, koma anatseka. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinakweza dzanja langa kumaso, sindinalione. Ndinkamva wailesi yako, Tadala, ikuimba pakhonde pano, ndinkamva amayi anu akutsuka mbale, nkhuku zikulira, moyo wonse wa pakhomo pano ukuyenda popanda ine. Ndinamva loko akugunda pachitseko ndi mphepo. Sindinakhalitsemo. Ndinagogoda, ndipo a Gama potsegula anandifunsa ngati ndikudwala.

Mwaiwala kodi kuti amalume anu ndi ndani pakhomo pano? Ine ndine wobwera. Mwini mbumba ndi Lameki. Tadala, mnyamata wa ku Lizulu uja amabwera kudzagula thumba limodzi n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka, ukuganiza kuti sitikumuona? Usabise nkhope. Tsiku limene abale ake adzabwere kudzafunsira mbeta, adzafuna amalume ako, osati ine. Kodi udzawauza kuti adikire pang'ono ukatenge kiyi? Ndipo munthu amene mwam'tulutsa m'chipinda chokhoma, adzakhala bwanji pampando n'kuyankhula za ukwati wako mutu uli m'mwamba?

Sindikukunamizani kuti matendawa atha. Akhoza kubweranso, mwina chaka chino, mwina ine nditapita kale. Koma lero tili ndi zimene bambo anga analibe. Mlatho aukonza, galimoto yayambanso kubwera. Ikalephera, njinga yako ilipo, Yamikani, ukhoza kukawatengera mankhwala pa boma kapena kuwakweza iwo amene. Tsiku la chipatala wina aziwaperekeza, musinthane, asamangokhala amayi anu okha. Mukaona nyali yawo ikuyaka usiku wonse, mukaona ayamba kusala chakudya, musayambe kufunafuna loko, yambani kufunafuna galimoto. Zikavuta kwambiri kuchipatala kuli anthu amene anaphunzira ntchito imeneyo, ndipo kumeneko amapita n'kubwerako, mwaona nokha. Koma munthu amene wachira, wakwera basi ulendo wonse wochokera ku Zomba akuganiza za dimba lake, asafike pano n'kupeza kuti abale ake amukonzera pomusungira. Akadzangoona loko ali kunja, adzadziwa zimene mukumuganizira, ndipo tulo take tidzathera pomwepo.

Amayi anu ndinayankhula nawo m'mawa. Anati, "Bambo, zenera tidzabowola tikagulitsa zokolola, panopa zinthu zavuta. Lokoyo akhale kaye, sitidzamugwiritsa ntchito pokhapokha zitavuta." Sindinawatsutse. Malo ano ndi awo, anawasiyira mayi awo, ndipo paja amati mkamwini asamakule mwendo, ngakhale mkamwini wa imvi ngati ine. Chipinda munamanga ndinu, ndi thukuta lanu. Ine sindingalamule kuti mugumule khoma.

Koma bedi langa ndi langa. Ndinabwera nalo kuchokera ku Joni, ndipo ndikhoza kuliika pamene ndafuna. Pamene inu munali kumunda m'mawa uno, a Gama anandithandiza kulinyamula. Lili m'chipinda chatsopanocho, pamodzi ndi bulangete langa ndi bokosi la zipangizo. Amalume anu akafika adzagona m'chipinda changa, chija chili ndi zenera loyang'ana kudimba. Akadzafunsa, ndidzawauza kuti nkhalamba yatopa ndi phokoso la wailesi ya Tadala, yafuna kwa yokha, ndipo inu musadzanditsutse. Ine zaka zanga zatha, mdima ndinauzolowerako pansi pa nthaka. Lokoyo musachotse ngati simukufuna. Tsiku limene mudzaone kuti pakhomo pano pali munthu woyenera kumutsekera ndi loko wa kunjayo, mudzapeza ndili kale mkati, simudzavutika kundigwira.

Usalire, Tadala, ukunyowetsa kachewere wogulitsa. Nanga iwe Yamikani, wanyamuka bwanji ndisanamalize, ukupita kuti? Hamala? Ili m'bokosi, pansi pa bedi langa, pamodzi ndi tchizulo. Bedilo ndakuuza kale kumene lili. Foni yakoyo isiye pano, usakaunikire. Ukalowe, utseke chitseko, uifufuze ndi manja.